Chikwama cha Bambo wa pa Black Lake

Winnie anamutaya mnzake pamsewu. Ndikunena Winnie namwino uja wa ku West Bromwich, wamfupi, woimba kwaya ku Aston. Anamuitana yekha mwana wa eni kuchokera ku Coventry, anamudyetsa, anamumwetsa, kenako itakwana 11 koloko usiku anamuponyera kiyi m'manja n'kukwera galimoto ya mwamuna. Mlendo wake! Osamuperekeza ngakhale mpaka pakhomo. Dzinalo ndalemba dala. Akafuna abwere adzandifunse.

Mnzakeyo ndi Thandiwe, mtsikana wa ku Ntcheu. Ali ndi miyezi isanu ndi itatu yokha kuno. Amasamalira okalamba m'nyumba ina kufupi ndi Walsgrave, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Kumudzi anasiya mwana wamkazi wa zaka zinayi, Chawe, m'manja mwa amayi ake. Chibwerereni sanaonepo kalikonse ka dziko lino kupatula basi, makhonde a kuntchito ndi chipinda chake.

Loweruka lija anali asali pa shifti, Lamlungu lomwe, koyamba chiyambireni ntchito. Anali akadali m'bulangete pamene foni inalira.

"Iwe mtsikana, ndamva uli off," anatero Winnie. "Dzuka, samba, kwera sitima. Ndikakuonetse Khirisimasi ya azungu."

"Lero lomwe? Ndilibe ndi jekete labwino lomwe."

"Ukubwera kudzakwatiwa kapena kudzadya? Fulumira!"

Thandiwe anaseka mpaka kutsokomola. Awiriwa anaphunzira limodzi ku sekondale, ankagona bedi la pamwamba ndi la pansi. Anaponya mswachi ndi diresi la kutchalitchi m'kachikwama, anavala jekete lake lopyapyala ndi nsapato zansalu zomwe amagwira nazo ntchito, n'kuthamangira sitima.

Zimene anaona pakati pa Birmingham sadzaziiwala. Tinyumba tamatabwa tandandalika msewu wonse, magetsi ali phethiphethi mpaka m'mitengo, anthu ali pikitipikiti ngati pa msika wa Lizulu Loweruka. Fungo la nyama yootcha, la shuga wopserera, la anyezi. Winnie anamugulira soseji yotalika ngati mkono, yotulukira uku ndi uku m'kabuledi kochepa.

"Imeneyi ndi ya munthu mmodzi?" anafunsa Thandiwe. "Kwathu tikanadyera banja lonse, ina n'kutsala ya mawa."

"Idya, usawerengere anthu a kwanu. Sakukuona."

Anadya. Anadya mbatata zokazinga zothira tchizi, anadya madonasi otentha oviika m'chokoleti, anamwa vinyo wotentha wonunkhira zokometsera, iye amene kwawo sanalawepo ndi kadontho komwe. Kapu yoyamba anati ikuwawa ngati mankhwala a chifuwa. Yachiwiri sananene kanthu. Anajambula zithunzi zosawerengeka, anajambula ndi kanema kuti Chawe aone mtengo wa magetsi. Pomaliza anagula mtedza wokazinga ndi shuga, wotentha, m'kapepala kopinda ngati fanulo, nati akadyera kunyumba akucheza.

Ndiye kunatulukira Everton, mnyamata wa ku Zambia, wa ndevu zometa bwino ndi makiyi a galimoto ozunguza pachala.

"Ba sister, muli bwanji? Kuli party ku Wolverhampton, tiyeni tonse."

Thandiwe anati watopa, mutu ukuzungulira. Anayang'ana Winnie kuti akane nayenso. Winnie anali atatsegula kale kachikwama kake, akufufuza kiyi.

"Tramu ndi iyo, kasitima ka m'tauni kaja. Ukatsike pa West Bromwich Central. Adiresi ndakutumizira pa foni, mapu akufikitsa pakhomo. Maminitsi seveni basi. Ndikupeza usanagone."

"Sundiperekeza?"

"Iwe, kuno si ku Ntcheu. Kuno foni ndiyo imaperekeza."

Anamupsompsona patsaya, napita.

M'tramu munali mofunda. Thandiwe anakhala pawindo, mtedza uli pachifuwa, kutentha kwake kukulowa m'jekete. Anati angotseka maso pang'ono. Vinyo uja anamaliza zotsalazo.

Anadzidzimuka zitseko zikulira. Anadumphira kunja osaganiza. Tramu inatseka n'kupita, kuwala kwake kukuchepa mpaka kuzimirira. Atakweza maso pa chikwangwani anawerenga mawu awiri: Black Lake.

Si pamene anauzidwa. Anali atapitirira.

Anawolokera mbali inayo kuti adikire yobwerera. Chikwangwani cha nthawi chinali chakuda bii. Panalibe munthu. Anatulutsa foni: batire inali itatsala kamzere kofiira, zithunzi zija zitaidya. Anaimbira Winnie. Inalira, inalira, osayankhidwa. Anaimbanso. Pa kulira kwachitatu foni inathima m'manja mwake, adiresi ili momwemo.

Kuzizira kwa usiku umenewo mukukukumbukira nonse. Magalimoto anali atayera ngati awazidwa ufa, msewu ukunyezimira ngati galasi. Thandiwe anaganiza kuti kuima n'kufa. Anati ayende kulowera kumene tramu inachokera, mwina akaona malo a magetsi ambiri akafunsa.

Anayenda. Mbali iyi mpanda wa waya, mbali iyo khoma la fakitale yotseka. Nyumba za anthu zinatha. Mphepo inkalowa m'nsapato zansalu zija ngati akuponda m'madzi. Msewu unakhota, unakhotanso, ndipo njanji ya tramu sanaionenso. Anayamba kupemphera chamumtima, mano akugundana.

Kenako anamva nyimbo.

Anaima. Munthu ankang'ung'udza chapansipansi, mawu a bambo. Ndipo mawuwo anali a Chichewa! Nyimbo ya kutchalitchi, yoyenda pang'onopang'ono. Misozi inalengeza m'maso mwake. Inu amene mwakhalitsa kuno mwina munaiwala mmene mtima umachitira ukamva chilankhulo chako pamalo pamene sumayembekezera. Thandiwe sanafunse kuti munthu akuimbiranji pamsewu 1 koloko ya usiku. Anathamangira komweko.

Panali mlatho waung'ono wodutsa pa ngalande ya madzi akuda. Pakati pa mlathowo panakhala bambo, atakhalira chikwama chachikulu cha mizeremizere, chija amanyamula a ulendo wa ku Joni. Anavala jekete lachikasu lowala la anthu a m'mawerehausi osungira katundu ndi chipewa chaubweya chofika m'maso. Anasiya kuimba asanatembenuke.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Thandiwe anapinda maondo. "Ndaswera bwino, kaya inu, bambo. Ambuye ndi abwino! Ndasochera."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu."

"Ine ndine Lameck. Wa ku Mponela."

Anawafotokozera zonse mothamanga, za tramu, za foni, za mnzake. Bamboyo anamvetsera mutu uli pansi.

"Njira ndi yomweyi," anatero. "Inenso ndikupita kwathu. Mundiperekeze, mayi. Sanandiperekeze."

"Inenso sanandiperekeze, bambo," Thandiwe anaseka. "Tiperekezana."

Bamboyo sanaseke. Anaimirira pang'onopang'ono n'kuwerama kuti anyamule chikwama. Apa Thandiwe anachita zimene mwana aliyense woleredwa bwino akanachita. Wamng'ono sayenda manja lende mkulu atasenza katundu.

"Ndilandire, bambo."

"Mwalandira nokha," anatero bamboyo, n'kuchisiya.

Chinali chopepuka ngati mtsamiro. Anachikoleka pamkono, nayamba kuyenda, bambo patsogolo, iye pambuyo.

Atayenda pang'ono anakumbuka mtedza uja. Unali ukadali wofunda. Anachita manyazi kuti wakhala akuununkhiza yekha.

"Bambo, tadyani ka Khirisimasi aka."

Bamboyo anaima. Anayang'ana kapepalako nthawi yaitali.

"Sindinasambe m'manja."

Anapita pa chitsulo cha mpanda, anakokola chisanu choyera chimene chinamatapo, n'kudzipaka m'manja mosamala, kuseri ndi kutsogolo, ngati pali beseni ndi sopo. Thandiwe anaona kuti dzanja lamanzere linalibe chala chaching'ono. Bamboyo anatambasula manja onse awiri. Thandiwe anawathirira mtedza.

"Kutentha..." anatero bamboyo. "Ndinaiwala kutentha."

Anaika m'kamwa. Mtedza wokazinga ndi shuga umalira pakamwa, aliyense amadziwa. Thandiwe sanamve kanthu. Atagwiranso kapepala kake, kanali kozizira ngati kachokera mufiriji, mtedza wotsalawo utagwirana kukhala mwala umodzi.

Anati ndi mphepo. Anapitiriza.

"Mvula yayamba kwathu?" anafunsa bamboyo osatembenuka.

"Akuti yayamba, bambo. Anthu adzala."

"Mabel wanga walemba Fomu 4. Ndamugulira nsapato. Zili m'menemo."

"Akhoza, Mulungu alipo."

Bamboyo anayambanso nyimbo ija.

Kumbuyo kunawala magetsi. Takisi inabwera pang'onopang'ono, inawapitirira, kenako inaima n'kubwerera chafutambuyo. Woyendetsa, bambo wachimwenye wa imvi, anatsitsa galasi.

"You alright, love? On your own out here?"

Thandiwe anauzidwa kambirimbiri kuti asamakwere galimoto ya munthu wosamudziwa usiku. Ndipo anali ndi munthu wa kwawo, munthu wamkulu, woimba nyimbo za Mulungu. Anayankha m'Chingerezi kuti zikomo, ali ndi amalume akewa, afika posachedwa. Analoza ndi dzanja.

Woyendetsayo anayang'ana kumene analozako. Anayang'ana Thandiwe. Anayang'ana mkono wake umene unali utapindika ngati wanyamula kanthu. Ananena mawu ena m'chilankhulo chake, anakweza galasi, n'kuliza matayala.

Msewu unakhalanso zii.

Thandiwe anayamba kudzifunsa. N'chifukwa chiyani munthuyo anafunsa ngati ali yekha? Bambo wa jekete lowala chonchi, magetsi a galimoto atamuwalira, angaphonyeke bwanji?

Anayang'ana msana wa bamboyo. Mpweya wa Thandiwe unkatuluka ngati utsi wa ndudu, mtambo pa mtambo. Kutsogoloko kunalibe utsi. Munthu akuimba, koma pakamwa posatuluka nthunzi.

Anayang'ana pansi. Pa chisanu choyera cha m'mbali mwa msewu panali mapazi. Anacheuka kuti aone kumbuyo. Mzere umodzi. Nsapato zansalu, zazing'ono. Zake.

Chikwama chinali chitayamba kulemera.

Poyamba ngati thumba la shuga. Kenako ngati ndowa ya madzi. Chingwe chake chinalowa m'mnofu. Anafuna kusintha mkono. Zala zinakana kutambasuka. Anazikoka ndi dzanja linalo. Zinali zitauma pa chingwecho ngati zamera pomwepo.

"Bambo... m'chikwamamu muli chiyani?"

"Tatsala pang'ono."

"Bambo, magetsi a tauni ali uko. Ife tikupita kuti?"

"Kwathu."

Ndipo apa anaizindikira nyimboyo. Anaiimbapo iye mwini, ku Ntcheu, atavala chitenje ndi duku, akuyenda pambuyo pa bokosi la agogo ake. Siimbidwa pa ukwati. Siimbidwa pa Khirisimasi.

Anafuna kukuwa. Anafuna kuthawa. Miyendo inkangotsatira yokha, phazi, phazi, phazi, mogwirizana ndi nyimboyo. Fungo linatuluka m'chikwama. Dothi. Dothi lonyowa, longokumbidwa kumene.

Mapazi ake anasiya kuwawa. Anayamba kumva kufunda kokoma kukwera m'miyendo, ndi tulo, tulo tambiri. Thandiwe amasamalira okalamba, anaphunzitsidwa zimenezi kuntchito. Ankadziwa kuti munthu wozizidwa akayamba kumva kutentha, imfa yafika pakhomo.

Khoma lalitali la njerwa. Mitengo yopanda masamba. Geti lachitsulo.

Pa getipo panali tcheni ndi loko wamkulu. Bamboyo sanagwire kanthu. Geti linalira... linatseguka lokha!

Mkatimo, miyala. Mizere ndi mizere ya miyala, yoyera ndi chisanu, mpaka kumene maso amalekezera.

"Tafika," anatero bamboyo. "Lowani."

Thandiwe anaima chala chimodzi kunja kwa geti. Anakumbuka mawu amene woperekeza aliyense amanena, mawu amene mlendo sakana.

"Ndi... ndibwerera pano, bambo. Muyende bwino."

Bamboyo anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba nkhope yake inaonekera pansi pa nyale ya msewu. Nsidze zinali ndi chisanu. Milomo yotuwa ngati phulusa. Maso otsegula, osaphethira, ndipo pa diso lenilenilo panali patamata chisanu chosasungunuka.

"Onse anabwerera panjira," anatero. "Anali anayi. Awiri anali a ntchito. Sanaimbe."

"Yesu!"

"Lowani, mayi. Si patali. Mzere wa kumpanda."

Chikwama chinamukoka. Chinamukoka ngati mbuzi yaikulu pa chingwe. Phazi limodzi linalowa. Anagwira chitsulo cha geti ndi dzanja lamanzere. Khungu linamata pa chitsulocho.

"Mwatopa. Mukagona pang'ono. Dothi la kuno silifunda, koma mumazolowera."

Phazi lachiwiri linaterereka.

Chawe! Anaona nkhope ya mwana wake ikuyang'ana mtengo wa magetsi pa foni ya agogo ake. Ndani adzamuuze? Adzamuuza kuti chiyani? Kuti amayi ako anapezeka m'manda a azungu ndi mtedza m'thumba?

Mphamvu analibe. Kuthawa sakanatha. Chimene anatsala nacho ndi chimene amayi ake anamuphunzitsa. Anadzigwetsa maondo pansi pa chisanu, pakati pa geti, anaweramitsa mutu, nayankhula ngati akuyankhula ndi apongozi.

"Bambo, pepani. Ndimvereni. Munthu wamkulu ngati inu saperekezedwa ndi munthu mmodzi. Ndine mwana. Ndili ndekha. Onani, ndavala buluku, ndilibe chitenje, ndilibe duku. N'kukunyozani kumeneku. Anthu a ku Mponela akamva adzati chiyani?"

Chikwama chinasiya kukoka.

"Ndiloleni ndikaitane anthu. Amayi a mvano. Azibambo. Abusa. Tidzabwera masana, ndi nyimbo, mpaka pamalo penipeni. Palibe adzabwerere panjira."

Zii. Ngakhale mphepo inaleka.

"Adzaimba?"

"Adzaimba, bambo."

"Liti?"

Thandiwe anatchula tsiku loyamba limene linabwera m'mutu. "Lamlungu lomaliza la chaka."

Bamboyo anawerama. Nkhope ija inafika pafupi ndi yake. Panalibe mpweya, panalibe fungo la munthu, kuzizira kokha ngati watsegula chitseko cha firiji.

"Ndamva, mayi. Mukabwera nawo, zikomo." Dzanja la zala zinayi linagwira chingwe cha chikwama. "Mukapanda kubwera nawo, mudzabwera nokha. Njira mwaidziwa."

Zala za Thandiwe zinatambasuka.

Anagwa chagada. Geti linamenyeka, phwaa! Atakweza mutu, tcheni chinali pamalo pake, loko ali wotseka, chisanu cha pa lokoyo chosakhudzidwa. Mkati munalibe munthu. Nyimbo yokha, ikupita, ikuchepa, kulowera kumpanda.

Anakwawa. Anaimirira, anagwa, anakwawanso. Sakudziwa kuti anayenda mtunda wotani.

Anamupeza ndi mtsikana wachizungu dzina lake Jade, wogwira ntchito yophika buledi, akupita ku shifti ya 5 koloko m'mawa. Anamupeza atadzipinda pa siteji ya basi, milomo itachita buluu, chikhatho chamanzere chitasupuka khungu. Jade anavula jekete lake n'kumufunditsa, anaitana ambulansi, anakhala naye pansi pomwepo atamukumbatira mpaka inafika. Mwana wa eni, wosamudziwa, wa mtundu wina. Mulungu amudalitse kumene ali.

Kuchipatala Thandiwe atayamba kutsitsimuka Chingerezi chonse chinali chitamuthawa. Ankangobwebweta Chichewa, akugwira aliyense pa yunifomu. Madokotala anatumiza uthenga m'mawodi kuti ngati pali namwino wa ku Malawi abwere adzamve. Anabwera mmodzi amene anali kumaliza shifti ya usiku. Anakhala pambali pa bedi, anamugwira dzanja.

"Asisi, ndine wa kwanu. Nenani pang'onopang'ono."

"Muitane anthu," anatero Thandiwe. "Ndalonjeza. A Lameck a ku Mponela. Akudikira."

Namwinoyo anasiya dzanja lija.

"Mwati ndani?"

"A Lameck. Alibe chala ichi. Akuti mwana wawo Mabel walemba Fomu 4, amugulira nsapato..."

Namwinoyo anakhala pansi, pa simenti ya m'wodi, ndi yunifomu yake. Pa chifuwa pake panali kabaji ka dzina. Thandiwe anakawerenga: Mabel. Anayamba kukuwa.

Mabel ndi mwana wanga. Fomu 4 analemba mu 2011. Lero ali ndi ana awiri, ndipo ine ndinabwera kuno zaka zitatu zapitazo kudzawalera. Ntchito anaisankha dala pa chipatala chimenecho kuti akhale pafupi ndi pamene anagona bambo ake.

Lameck ndi mwamuna wanga. Chala chija chinadulidwa ndi lamba wa chigayo tisanakwatirane. Anamwalira mu Januwale 2012, pa mlatho womwe uja, akuchokera ku shifti ya usiku. Anali atadzera kwa mnzake kukatenga chikwama chimene anasungitsa, poti Lachisanu lake amakwera ndege kubwera kwathu. Anagwa. Anthu anamudutsa mpaka kunacha, ankati ndi chidakwa. Munthu amene sanalawepo mowa moyo wake wonse.

Ine ndinali ku Mponela, ndilibe ndi pasipoti yomwe. Tinalira maliro pa chithunzi. Kuno anamuika Lachiwiri, 10 koloko m'mawa. Panali abusa achizungu, mnzake mmodzi, ndi anthu awiri a kampani ya maliro. Maminitsi makumi awiri, zatha. A Malawi munalipo kale ambirimbiri m'dera lino, ena a inu munkadya naye Lamlungu lililonse, ena anakulandirani yekha pa eyapoti n'kukugonekani pansi m'chipinda chake. Tsikulo nonse munali pa shifti.

Chibwerereni ndapempha katatu kutchalitchi kuti tipite tikaimbe pamanda pake, ngakhale nyimbo ziwiri. Koyamba munati kukuzizira, tidikire chilimwe. Chilimwe chitafika munati ndi nyengo ya maukwati. Kachitatu amayi ena, ndikuwadziwa, anati zimenezo n'zachikunja, wakufa wapita. Tinapita awiri ndi Mabel. Ine mawu anga ndi okalamba, Mabel amangolira. Anthu awiri si maliro.

Wapita? Kamufunseni Thandiwe ngati wapita.

Winnie anatulukira kuchipatala 3 koloko masana, atanyamula maluwa, zopaka m'maso za dzulo zikadalipo. Akuti foni inali m'chikwama, nyimbo zinali pamwamba. Ndinamuuza kuti maluwawo asunge, ali ndi ntchito Lamlungu.

Thandiwe anatuluka m'chipatala. Zala ziwiri za kuphazi zinada, madokotala akuti aona ngati zipulumuke. Ku Coventry sanabwerere, ali kwathu kuno, akugona m'chipinda changa. Kugona kwake ndi kwa dzina lokha. Ikakwana 1 koloko amadzuka, amakhala tsonga, mkono wamanja utapindika ngati wakoleka katundu. Dzana ndinamupeza pa chitseko cha kunja, wopanda nsapato, maso ali otseka, akulimbana ndi loko. Ndinamukoka ndi mphamvu zanga zonse. Kiyi tsopano ndimagona naye m'chitenje.

Mwanayu sanamudziwe Lameck. Sanadye chake, sanagone m'chipinda chake. Analakwa chiyani? Anamva Chichewa mumdima n'kukhulupirira. Analandira katundu wa munthu wamkulu. Anagawa chakudya chake. Zimene inu munasiya kuchita masana, iye anazichita usiku, ndipo akufuna kufa nazo.

Lamlungu lomaliza la chaka ndi lino likubwerali, pa 29. Ine ndi Mabel ndi Thandiwe tidzakhala pa geti la manda 2 koloko masana. Amayi, zitenje ndi maduku. Abambo, majekete. Mabuku a nyimbo mubwere nawo. Tidzayenda kuchokera pa geti mpaka mzere wa kumpanda tikuimba, ndipo palibe adzabwerere panjira.

Musanditumizire tizithunzi ta manja opemphera. Musandilembere kuti muli nafe mumzimu, mizimu tili nayo kale yokwanira. Shifti musinthane ndi anzanu, mumatha kusinthana kukakhala phwando. Ndikufuna dzina lanu ndi mawu amodzi pansi pa nkhani ino, aliyense payekha, kuti mwanayu awerenge ndi maso ake asanagone lero.

Mubwera, kapena apite yekha? Ndiyankheni!